Mphindi Zitatu

Kuno ku Tartu mdima umagwa nkhomaliro isanakhazikike m'mimba.
Mtsinje wa Emajõgi waundana ngati galasi,
ndipo m'kachipinda ka kumapeto, kuseri kwa makatoni a nsapato,
kompyuta ya Aivar ikung'ung'udzabe
ngati sinamve kuti mwini wake tinamuika mu Novembala.

Zaka khumi ndi chimodzi anaibwereketsa kwa anthu osawadziwa.
Iwo amatumiza tizidutswa ta masamu, iyo n'kusinkha, n'kubweza yankho.
Akuti za mapuloteni, mmene amapindikira.
Ine ndinkangodziwa za bilu ya magetsi
ndi zoti masokosi amauma msanga pamwamba pake.

Lero ndakhala pampando wake, koyamba.
Kamzere kobiriwira kaima pa 87.4 peresenti.
Ndamwa tiyi, kali pomwepo.
Basi yausiku yadutsa kasanu pansi pa zenera,
kali pomwepo, njoo, ngati mwana wokana kupita kusukulu.

M'dirowa muli kope lake la chikuto chabuluu,
zilembo zopendekeka ngati mitengo yokulira pamphepo.
"Ikaima usapse mtima. Yamba wamva kutentha."
Ndagwada, mawondo akulira,
ndamasula chivindikiro ndi mpeni wa batala.
Fani yadzaza ubweya wa Miisu, wa chilimwe chatha ndi cha dzana.
Ndauzira, ndayetsemula kanayi.
Palibe chasintha.

"Ona ngati wotchi yake siikunama."
Yake ili bwino. Yakukhoma ndiyo yatsalira,
palibe waikumbukira batire.

"Zimitsa, werenga mpaka makumi awiri, yatsa.
Idzayambira pomwe inasungira."
Ndazimitsa.
Nyumba yati zii,
chete amene makoma ano anamuiwala kalekale,
moti ndawerenga mothamanga, kulumpha manambala ngati wakuba.
Yayaka: 87.1.
Ndaibweza m'mbuyo. Ndaibera thukuta lake lomwe.

Tsamba lomaliza, inki ya mtundu wina, dzanja litayamba kale kunjenjemera:
"Ikakaniratu, itaye.
Chidutswa chomwecho adzapatsa wina, ku Osaka kaya ku Recife.
Ntchito siifera m'manja mwa munthu mmodzi."
Kulemba n'kosavuta, Aivar.
Chala changa chafika pa batani, chabwerera chokha.

Ndaimbira Priit, mwana wa mlongo wanga,
ali pa shifiti kufakitale ya mkaka, makina akusokosera kumbuyo kwake.
"Azakhali Külliki, werengani timawu tating'ono ta m'mbalimo."
Ndavala magalasi a Aivar, anga sindikuwaona.
Yaimitsidwa: kompyuta ikugwiritsidwa ntchito.
"Ndi ndani?" ndafunsa. "Muno ndili ndekha."
Waseka mpaka kutsokomola.
"Dzanja lanu lili pati?"

Lili pa kambewa.
Chiyambire madzulo lili pomwepo,
pamalo pamene utoto unasuluka ndi chikhatho chake,
kusisita, kusuntha pang'ono, kusisitanso.

"Amalume anaiphunzitsa ulemu," watero Priit.
"Munthu akaikhudza imaima, kumupatsa njira.
Siinafe ayi, ikudikira inuyo.
Ichokereni mphindi zitatu."

Mphindi zitatu zokha.
Ndachotsa dzanja ngati ndikulichotsa pachipumi cha wodwala amene wagona kumene.
Ndaima pakhomo. Ndaona kuti kuimanso pakhomo ndi kulondera.
Ndapita kukhitchini,
ndayamba kusenda mbatata ziwiri, ndabwezera imodzi m'dengu.
Miisu wazungulira miyendo yanga, akufuna mutu wa nsomba.
Kunja chipale chikugwa chopingasa pansi pa nyali ya mumsewu,
ndipo kwinakwake, kumene dzuwa latuluka kale,
wina amene sindidzamva dzina lake
akudikira yankho langa kuti lifanane ndi lake.

Madzi asanawire ndamva fani ikukweza mawu,
pang'onopang'ono, ngati munthu wokoka mpweya asananyamule katundu.
Sindinapite kukaona nambala.
Ndatenga masokosi onyowa pachingwe cha kubafa,
ndalowa chonyang'ama osayatsa getsi,
ndawayala pamwamba pake,
osakhudza china chilichonse.